Makilomita Amene Ndinayenda m'Dzina la Jafali

Ana anga, Shaibu, Mariamu ndi Hawa, za ubwana wanga ku Ntaja amayi anu anakusimbirani kale mpaka makutu anatopa. Pano ndikufuna kulemba za msewu, chifukwa zaka zimene munkakula ine kunalibe, ndipo muli ndi ufulu wodziwa kumene ndinali. Zina mwa izi ngakhale amayi anu azimva koyamba powerenga pepala lino.

1996 mpaka 2012, Limbe

Ntchito yanga yoyamba ya udalaivala ndinaipeza pa kampani yaing'ono ya ku Limbe, ya mathiraki asanu ndi limodzi. Tinkanyamula fodya ndi tiyi kupita ku Beira, pobwerera fetereza. Nthawi zina tinkafika mpaka ku Durban kudzera pa Mwanza ndi Tete. Mwini wake ankatidziwa maina tonse, ankabwera ngakhale pa maliro a kwathu, koma matayala ake anali osalala ngati chikhatho ndipo malipiro ankabwera tsiku limene iye wakumbukira. Kumeneko ndi kumene ndinadziwana ndi Jafali, mnyamata wa ku Namwera, wocheperapo kwa ine ndi zaka zisanu ndi zitatu. Anali munthu wosakonda kulankhula, waukhondo kwambiri. Sankalowa m'thiraki ndi nsapato. Ankavula patapata wake pa sitepe, n'kumuika mondondozana bwinobwino, kenako n'kuyendetsa ndi mapazi okha. Tinkamuseka kuti thiraki waisandutsa mzikiti. Pamene wolemba anthu ntchito za kunja anafika ku Blantyre kufuna madalaivala odziwa maulendo aatali, tinapita limodzi, ndipo anatitenga tonse awiri.

2013 mpaka 2017, Doha

Kampani ya ku Doha sindiitchula dzina. Inali yaikulu moti tsiku loyamba ndinasochera m'yadi yake, pakati pa mizere ya mathiraki ofanana mtundu, onse atsopano, onse okhala ndi bedi kumbuyo kwa mpando ndi makina oziziritsa. Kumeneko munthu sunali dzina, unali nambala. Malipiro anali pawiri. Panali besiki, imene inali yongokwanira chakudya ndi mayunitsi, ndiye panali ndalama ya makilomita. Thiraki ikayenda, iwe ukudya. Ikaima, kaya pa boda, kaya pa mzere wodikira kutsitsa katundu masiku awiri, palibe chako. Choncho dalaivala aliyense ankalota ulendo wa ku Jeddah kapena wa ku Amman, ndipo ankadana ndi timaulendo ta m'tauni.

Dalaivala aliyense anali ndi khadi lake. Ukalowa m'thiraki unkalilowetsa m'kamakina ka pa dashibodi, dzina lako n'kuonekera pa kagalasi, kamakinako n'kuyamba kuwerenga maola ndi makilomita. Maola ako akakwana kankalira, ndipo unkayenera kupaka n'kugona. Ukapitiriza, ku ofesi ankaona. Poyamba tinkadandaula kuti kamakinako kakutidyera ndalama, koma ndikunena pano kuti zaka zinayi zoyambazo ndi zimene ndinagona mokwanira kuposa zaka zonse za moyo wanga wa pa msewu. Nyumba ya malata imene mukukhalamoyi inachokera m'zaka zimenezo.

Mudiri wathu, ndiye kuti bwana wogawa maulendo, tinkamutcha Abu Sami. Anali munthu waulemu pakamwa, wosakalipa. Mawu ake anali atatu okha: yala, khalasi, mafi mushikila, ndiye kuti tiyeni, zatha, palibe vuto. Chaka chilichonse ankatibweretsera fomu yofunsa ngati tili okhutira ndi kampani. Pa funso lililonse panali nkhope zitatu, yosekerera, yongoti duu, ndi yokwiya. Iye ankaima kumbuyo kwathu ndi kapu ya tiyi pamene tinkachonga. Tonse tinkachonga yosekerera. Koma ndisaname, nthawi imeneyo ndinkaichonga ndi mtima wonse.

Tinkagona ku kampu ya ku Sanaiya, kunja kwa tauni. Lachisanu likatipeza ku Doha tinkakwera basi kupita ku Najma kukaswali, kutumiza ndalama kumudzi ndi kumwa karaki, tiyi wa mkaka wotsekemera uja, titaima pa khonde la sitolo. Masana tinkapita ku Rawdat Al Khail, kumene Amalawi asanu ndi awiri ankachita lendi fulati imodzi. Mkulu wa pamenepo anali Che Mussa a ku Chiponde, wosunga katundu pa hotela ina, amene ankatitsogolera pa mapemphero a dua ndi kutiyanjanitsa tikayambana. Mu 2015 mkazi wa Jafali, Asiyatu, anabwera kudzagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Hilal, atasiya ana awo awiri kwa mkulu wake. Ankapatsidwa Lachisanu limodzi pa milungu iwiri. Ukwati wawo unali wa pa khonde la Che Mussa, maola anayi, kenako aliyense kwa bwana wake. Kampani inali ndi ka apu kamene dalaivala ankatha kuikira m'bale mmodzi pa foni, kuti akafika kumene akupita m'baleyo alandire uthenga. Ambirife sitinkasamala nazo. Jafali anamuikira Asiyatu, ndipo mayiyo ankati uthengawo ndi umene unkamupatsa mphamvu yokolopa masitepe a eni ake.

2017 mpaka 2020

Pakati pa 2017 boda ya ku Abu Samra, khomo lokhalo la pamtunda lotulukira m'dzikomo, inatsekedwa chifukwa cha mikangano ya akuluakulu. Zimene ankakanganirana sizinkatikhudza, koma msewu wathu unathera pomwepo. Dziko la Qatar ndi laling'ono, ukhoza kulidutsa m'mawa umodzi. Ife amene tinazolowera makilomita zikwizikwi tinayamba kutuntha makontena kuchokera ku doko kupita ku mawerahausi, ulendo wa theka la ola, kudikira maola asanu. Ndalama ya makilomita inauma. Shaibu, chaka chimene unakhala kunyumba temu yathunthu uli Fomu 3 ndi chimenechi, ndipo ndinakunamiza kuti banki yalakwitsa. Madalaivala ambiri anabwerera kwawo. Amene tinatsala tinkakhala pa mthunzi wa matirela kumawerenga matayala. Kenako kunabwera mliri, tinatsekeredwa m'kampu miyezi. Ndikulemba izi kuti mumvetse njala ya makilomita imene tinali nayo pamene boda inatsegulidwa kumayambiriro kwa 2021. Katundu anali wambiri, madalaivala ochepa. Munthu akanakuuza kuti yenda mpaka kumwezi, ukanangofunsa kuti pa kilomita akulipira zingati.

Ogasiti 2021

Tsiku limenelo ndinkachokera ku Riyadh wopanda katundu. Jafali anali atanyamuka pa malo omwewo ola limodzi ine ndisananyamuke. Ndinali nditamuona m'mawa akusamba kumaso pa thanki ya thiraki yake. Maso ake anali ofiira, ndipo nditamupatsa moni anandiyang'ana nthawi yaitali ngati akufufuza dzina langa. Anati anali atapanga maulendo atatu a ku Jeddah motsatizana. Ndinamufunsa kuti kamakina kamulola bwanji, iye anangoseka pang'ono.

Dzuwa lili paliwombo, nditadutsa Hofuf kulowera ku Salwa, ndinaona thiraki yathu itaima m'mbali mwa msewu. Inali nambala 47, ya Jafali. Pamalopo palibe mtengo, palibe nyumba, palibe ngakhale chikwangwani. Mchenga woyera mbali zonse mpaka kumene maso amalekezera. Ndinapaka kumbuyo kwake poganiza kuti tayala laphulika. Injini inkalira. Chitseko chinali chotseka bwinobwino. Patapata wake anali pa sitepe, mondondozana. Ndinagogoda, kenako ndinatsegula. M'katimo munkazizira, wailesi inkawerenga Qur'an chapansipansi, foni yake inali pa chaja, pasipoti m'kabokosi, botolo la madzi lodzadza. Kapu ya tiyi inali yofunda. Bedi linali loyala. Jafali munalibe.

Ndinazungulira tirela, ndinasuzumira pansi, ndinaitana. M'chipululu mawu sabwerera, amangopita. Kenako ndinaona mapazi. Anayambira pa sitepe penipeni, mapazi opanda nsapato, olunjika kum'mwera, otalikirana mofanana ngati a munthu amene akupita ku sitolo. Mchenga wa Ogasiti masana umaphika dzira. Ndinawatsata nditavala majombo, ndipo kutentha kunkandipyoza. Nditayenda mwina mphindi khumi, pa kamtunda kena, mphepo inali itawafufuta. Ndinaima pamenepo n'kutembenuka, ndipo mathiraki athu awiri ankaoneka ngati timabokosi ta machesi tikuyandama pa madzi. Ndinachita mantha amene sindinachitepo, osati a chinthu chimene ndinaona, koma chifukwa miyendo yanga inkafuna kupitirira. Ndinabwerera chothamanga.

Ndikudikira apolisi m'thiraki yake, ndinaona kuti pa kagalasi ka kamakina sipanalembedwe dzina la Jafali. Panali dzina lachilendo, la ku Nepal kapena ku India. Khadi la Jafali linali litabisidwa kuseri kwa chotchingira dzuwa. Ndinaona, koma mutu sunagwire. Apolisi a kumeneko anafufuza masiku awiri ndi magalimoto a mumchenga. Sanapeze kanthu, ngakhale nsanza.

Abu Sami anati Jafali wathawa. Anati madalaivala amachita zimenezo, amakhala atapangana ndi munthu wa galimoto ina, n'kupita kukagwira ntchito mobisala. Ndinamuuza kuti munthu wothawa sasiya pasipoti ndi nsapato. Anandigwira paphewa nati ndatopa, ndikapume masiku awiri. Lachisanu ndinamuuza Asiyatu zonse zimene ndinaona, pamaso pa Che Mussa. Sanalire. Anangofunsa ngati ndinaona mtembo. Nditati ayi, anati ndiye kuti palibe maliro.

Okutobala 2021 mpaka Meyi 2022

Patapita miyezi iwiri thiraki yanga inalowa ku galaja, ndipo anandipatsa 47. Ndinafuna kukana koma panalibe ina. Tsiku lomwelo Abu Sami anandiitanira kuseri kwa ofesi, kumene kulibe makamera, n'kundipatsa kaenivelopu. Anati ndine dalaivala wamkulu, wodalirika, ndipo ndi zomvetsa chisoni kuti kamakina kazindigoneka pamene ana anga akufuna sukulu. Maola anga akatha, ndizingotulutsa khadi langa n'kulowetsa limene lili mu enivelopumo. Makilomita a khadi lachiwirilo azindipatsa pamanja, theka la mtengo wake. Mafi mushikila.

Ndinalandira. Sindinatsegule enivelopuyo mpaka tsiku lotsatira, pafupi ndi Khurais, kamakina katayamba kulira cha m'ma leveni koloko. Ndinalowetsa khadilo osaliyang'ana. Pa kagalasi panatuluka dzina la Jafali.

Ndinakhala manja ali pa chiwongolero, injini ikulira. Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa dzina lachilendo lija, ndi maulendo atatu a ku Jeddah. Nayenso anapatsidwa enivelopu, ya munthu wina amene anachoka kapena kufa. Kuboma kampani inali itamulembetsa Jafali kuti wathawa, koma m'makompyuta a kampani sanamufufute. Ndinadziwa zonsezi nthawi yomweyo, ana anga, ndipo ndinalowetsa giya n'kupitiriza ulendo. Mariamu, unali utangolowa kumene ku koleji ya unamwino. Sindikunena izi kuti ndikusenzetse mlandu. Mlandu ndi wanga.

Lachisanu lotsatira ndinakumana ndi Asiyatu ku Najma, pa khomo la malo otumizira ndalama. Ndinali ndisanamuonepo nkhope yake ikuwala choncho. Anandikokera pambali n'kundionetsa foni.

"Alamu, taonani. Afika ku Riyadh Lachiwiri. Lachinayi afika ku Dammam. Ndinakuuzani kuti ali moyo."

Ndinayang'ana masikuwo ndi maola ake. Anali anga. Ndinali nditaiwaliratu za ka apu kaja. Iye anapitiriza kulankhula, kuti mwina kampani yawabisa chifukwa cha mlandu wina wa pa msewu, mwina awalanda foni, mwina akuopa kumuika m'mavuto. Anandipempha kuti ndikawaona pa msewu ndiwauze kuti sakukwiya. Ndinati inshallah. Basi yanga itabwera ndinakwera.

Kontirakiti ya Asiyatu inkatha mu Disembala. Nyumba imene ankagwirayo inali yovuta, ya anthu khumi ndi atatu, ndipo manja ake anali atasweka ndi mankhwala otsukira. Ana ake ankamuyembekezera ku Namwera. Anarinyuwa zaka zina ziwiri kuti amuna ake akadzatulukira adzamupeze pafupi. Che Mussa anayesa kumuuza za eda, masiku amene mkazi wamasiye amakhala akulira mwamuna wake, ndi za sadaka ya malemu. Iye anawaonetsa foni. Che Mussa anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi.

Miyezi imeneyo ndinayenda makilomita ambiri kuposa chaka chilichonse. Ndinkagona maola atatu, nthawi zina awiri. Zimene ndilembe tsopano mukhoza kunena kuti ndi tulo, ndipo mwina ndi tulo. Zonse zinkachitika masana, khadi la Jafali lili m'kamakina. Ndinkapeza kuti ndadutsa makilomita makumi asanu amene sindikuwakumbukira. Ndinkapeza mpando utasendera kutsogolo, pa muyeso wa munthu wamfupi, ine ndisanaugwire. Tsiku lina mlonda wa pa geti ya werahausi ku Riyadh anawerenga pepala n'kuitana kuti Jafali, ndipo ndinavomera ndisanaganize. Tsiku lina ndinayang'ana pansi n'kuona kuti ndikuponda mafuta ndi phazi lopanda nsapato, majombo anga ali pa sitepe kunja, atayenda pamenepo kuchokera kumene ndinaima komaliza. Ndipo nthawi zonse ndikamayandikira malo aja pakati pa Hofuf ndi Salwa, ndinkaona munthu patali mumchenga, kumanja kwa msewu, atafulatira. Sankayenda, sankagwa. Ndikafika pafupi ankasanduka mpweya wotentha. Madalaivala ena ankati aliyense amaona zotero akatopa. Sindinawafunse ngati wawoyo ankavalanso shati ya buluu ya kampani.

Fomu ya nkhope zitatu inabwera mu Marichi. Ndinachonga yosekerera.

Meyi 2022

Ndinkachokera ku Jeddah, tsiku lachitatu ndisanagone pa bedi. Ndimakumbukira ndikudutsa Hofuf dzuwa lili pamutu. Ndimakumbukira kuti ndinamva mtendere waukulu, ngati umene umabwera ukamaliza swala. Zinandionekera kuti ndafika, kuti kwathu kuli pafupi, kuseri kwa kamtunda, ndipo ndikhoza kungoyenda wapansi. Ndinamva ngati fungo la mvula yoyamba. Sindinaone chifukwa chotengera madzi kapena foni pa ulendo waufupi chonchi.

Chimene chinandidzutsa ndi ululu. Ndinapezeka nditaima mumchenga, mapazi ali pamoto. Nditatembenuka, thiraki inali kumbuyo kwanga, mwina mayadi zana. Inali itapakidwa bwinobwino m'mbali mwa msewu, injini ikulira, chitseko chotseka. Sindikumbukira kuimika, sindikumbukira kutsika. Ndinabwerera chokwawa ndi mawondo ndi zigongono chifukwa mapazi sakanathanso kuponda. Majombo anga ndinawapeza pa sitepe, mondondozana. Sindinganene motsimikiza kuti anali malo enieni aja, chifukwa chipululu chimafanana. Koma thupi langa linkadziwa.

Ndinatulutsa khadilo m'kamakina, ndinathira madzi pa mapazi, ndipo ndinagona pomwepo mpaka m'mawa wa tsiku lotsatira. Foni inalira kambirimbiri, sindinayankhe. Zipsera zimene Hawa unkafunsa uli kundisisita mapazi ndi zimenezo. Ndinakuuza kuti ndi madzi a rediyeta.

Pobwerera ku Doha ndinali ndi maola anayi oganiza. Ndikanatha kungobweza khadilo kwa Abu Sami mwakachetechete n'kunena kuti ndakalamba. Ntchito ikanakhala, ndipo iye akanalipereka kwa wina, uthenga n'kumapitabe kwa Asiyatu. Ndikanatha kulitaya mumchenga, uthenga n'kuleka, mayiyo n'kumaganiza kuti amuna ake amutaya kachiwiri. Njira yachitatu inali yokauza Asiyatu, ndipo ndinkadziwa kuti ikandidyera maulendo aatali, mwina ntchito imene, komanso ulemu wanga pakati pa Amalawi anzanga. Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo kwathu palibe amene akanandilembanso.

Lachisanu ndinapita ku Rawdat Al Khail ndi ndodo, mapazi atakulungidwa mabandeji. Ndinapempha Che Mussa kuti atulutse anyamata onse, atsale iwo ndi Asiyatu. Ndinaika khadilo pa mkeka. Linali ndi chithunzi cha Jafali, chimene anajambulitsa tsiku limene tinafika. Ndinafotokoza kuyambira pa enivelopu mpaka pa mchenga, osadumpha kanthu. Ndinati sindinaone mtembo, koma ndikudziwa tsopano mmene anachokera m'thiraki muja, ndipo munthu sangabwereko.

Asiyatu anayang'ana chithunzicho. Kenako anatsegula foni n'kuyamba kutsika ndi chala pa mauthenga onse aja.

"Uwu wa ku Jeddah, wa tsiku la Idi, munali inu?"

"Ndinali ine, alamu."

"Tsiku limenelo ndinavala chitenje chatsopano," anatero. "Ndinaimbira ana kuti abambo awo afika bwino."

Sanandilalatire. Ndikanakonda akanatero. Anafunsa kuti tsiku lija ku Najma, pamene anandionetsa foni, ndinkadziwa kale kapena ayi. Ndinati ndinkadziwa. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, anatola khadilo, analipukuta ndi mpango wake, n'kuliika m'chikwama. Kenako anatembenukira kwa Che Mussa n'kufunsa kuti eda amayamba kuwerenga liti, tsiku limene munthu wafa kapena tsiku limene mkazi wamva.

2022 mpaka 2023

Loweruka ndinamuuza Abu Sami kuti khadi lili kwa mkazi wa mwini wake. Kwa nthawi yoyamba sananene kuti mafi mushikila. Sanandichotse ntchito, chifukwa ankaopa pakamwa panga. Anangondichotsa pa maulendo aatali n'kundiika m'yadi, kusuntha matirela kuchokera pa mzere wina kupita pa wina, pa besiki yokha. Che Mussa anaperekeza Asiyatu ku maofesi oona za antchito, ndipo ine ndinakapereka umboni kawiri. Nkhaniyo inayenda pang'onopang'ono. Pamapeto pake kampani inapereka kangachepe kwa mayiyo popanda kuvomera kanthu, Abu Sami anasamutsidwira ku nthambi ina, ndipo akuluakulu a kampani anatilonjeza kuti makadi onse a anthu amene anachoka afufutidwa. Madalaivala ena anasiya kundipatsa moni chifukwa maenivelopu awo anatha. Sindinawaimbe mlandu, ndinkaidziwa njala yawo. Ku fulati kwa Che Mussa ndinkapitabe, koma ndinkakhala pafupi ndi chitseko.

Mabwana a Asiyatu anamulola kupita atamaliza chaka. Sadaka ya Jafali inachitikira ku Namwera popanda manda. Ine ndinapirira m'yadi mpaka nditamaliza kulipira fizi ya Mariamu, kenako ndinapempha kuti andikansele viza. Mwandifunsapo ngati kampani yaikulu ndi yabwino kuposa yaing'ono. Thiraki zake ndi zabwino, ndipo malipiro sachedwa ngakhale tsiku limodzi. Koma amalipira makilomita, salipira munthu, ndipo makilomita sasamala kuti wawayenda ndani.

Febuluwale 2024, Ntaja

Asiyatu sanandilankhulenso kuyambira tsiku la pa mkeka lija, ndipo sindinkayembekezera kuti adzatero. Tsiku lina masana, ndikupalira m'munda wa nandolo kuseri kwa nyumba, foni inalira ndi nambala yachilendo. Anali iyeyo. Sanapereke moni wautali.

"Alamu, muli kuti?"

Ndinati ndili pakhomo, ku Ntaja, khasu lili m'manja.

Anati ka apu kaja sanakachotse pa foni, analibe mtima wokachotsa. Kanakhala chete pafupifupi zaka ziwiri. Khadi lili m'chikwama chake, m'sutukesi, pansi pa bedi, ndipo anali atangolitulutsa kumene kuti atsimikize. Linali m'dzanja lake pamene ankalankhula nane.

"Ndiye uyu wafika ku Riyadh lero ndi ndani?"

Ndinamuuza chimene ndinkaganiza, kuti kusindikiza khadi lina ndi ntchito ya mphindi zisanu, ndipo dzinalo mwina sanalifufute n'komwe. Ndinati penapake pali dalaivala wa maso ofiira amene walandira enivelopu, mwina mwana wa ku Nepal, mwina wa ku Kenya, mwina wa kwathu konkuno. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati nayenso anaganiza zomwezo, ndipo si chifukwa chake waimba. Anati ine ndi amene ndimaudziwa msewu umenewo, ndiye ndimuuze kuti kuchokera ku Riyadh kukafika pamalo paja ndi maola angati, kuti adziwe nthawi yoyamba kumupempherera munthuyo.

Ndinamuuza kuti dalaivalayo akanyamuka m'mawa atatsitsa katundu, adzafikapo dzuwa lili paliwombo. Anathokoza n'kudula foni. Mawa lake, nthawi ya kumeneko itakwana, ndinasiya khasu, ndinatawadha pokonzekera swala, ndipo ndinayala mkeka pansi pa mtengo wa mango.